Pulasitiki Wovala Chitsulo: Amamuveka Bwanji?

Tayang'anani m'nyumba mwanu muone zinthu zimene zimanyezimira ngati siliva kapena golide. Pali chivundikiro cha botolo la mafuta onunkhira, mkombero wa wotchi ya pakhoma, mabatani a wailesi, chikho chimene mwana anapata pampikisano, ndiponso kambale kowala kamene kali kuseri kwa babu la tochi. Mukatuluka panja mupeza zomwezo kutsogolo kwa minibasi, pa zogwirira zitseko za galimoto ndi m'nyali za njinga yamoto ya kabaza. Ambiri a ife timangoti zonsezi ndi zitsulo. Koma mukazinyamula m'manja mupeza kuti ndi zopepuka, ndipo tsiku limene zasweka mkati mwake mumaoneka pulasitiki wakuda, wotuwa kapena woyera.

Tsono chitsulocho chinafika bwanji pamenepo? Funsoli lingaoneke ngati la ana asukulu, koma likukhudza thumba la banja lililonse. M'misika ya ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anthu amatulutsa ndalama zimene anazipeza movutikira kugula zinthu zonyezimirazi, ena akuganiza kuti agula chitsulo cholimba, ena akuganiza kuti agula golide weniweni. Posakhalitsa chinthu chija chimasupuka, ndipo madandaulo amayamba. Nkhani yake ndi yakuti chitsulo chimene timachionacho ndi khungu chabe, lopyapyala kuposa tsitsi limodzi la m'mutu. Munthu akadziwa mmene khungu limeneli amalivekera, adziwanso kagulidwe kake, kasamalidwe kake ndi katayidwe kake.

Luso ili linayamba kale

Kukuta chinthu ndi chitsulo china si nzeru ya dzulo. Malata amene tafolera nyumba zathu ndi chitsulo wamba chimene anachiviika mu zinki wosungunuka kuti chisachite dzimbiri msanga. Zitini zambiri za zakudya nazonso ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi chitsulo chofewa chotchedwa tin. Ku Turkey, Egypt ndi India amisiri akhala akukuta mkati mwa miphika ya mkuwa ndi tin yemweyo kwa zaka mazanamazana, chifukwa mkuwa ukakumana ndi zakudya zowawasa umatulutsa dzimbiri lobiriwira limene limadwalitsa. Osula golide akale ankasakaniza golide ndi mercury, n'kupaka phalalo pa chinthu chimene akufuna kukongoletsa, kenaka n'kuchiwamba pamoto kuti mercury auluke. Golide ankatsala atamatirira bwino, koma utsi wa mercury unkadwalitsa ndi kupha amisiriwo.

Zinthu zinasintha pamene magetsi anatulukira. M'chaka cha 1800 Alessandro Volta wa ku Italy anapanga batire loyamba, ndipo mu 1805 mnzake Luigi Brugnatelli analigwiritsa ntchito pokuta mamendulo a siliva ndi golide popanda moto. Mu 1840 George ndi Henry Elkington a mumzinda wa Birmingham ku England analembetsa njira yawo ku boma, ndipo anayamba kupanga masupuni, mafoloko ndi maketulo okutidwa ndi siliva mochuluka zedi. Chrome, chitsulo chowala mobiriwira pang'ono chimene timachiona pa mahandulo a njinga, chinayamba kukutidwa pa zinthu zamalonda ku America m'zaka za m'ma 1920.

Kagwiridwe kake ka ntchito kali motere. Mmisiri amadzaza thanki ndi madzi amene asungunuliramo mchere wa chitsulo chimene akufuna, tinene kuti mkuwa. Mchere umenewu si wa m'ndiwo ayi, ndi mankhwala amene mkati mwake muli mkuwa wosaoneka ndi maso. M'madzimo amapachikamo chigamphu cha mkuwa, n'kuchilumikiza ku nthambo ya pozitivi. Chinthu chimene chikufunika kukutidwa amachilumikiza ku nthambo ya negetivi. Magetsi akayamba kuyenda, tizidutswa ta mkuwa timachoka m'madzi n'kukamatirira pa chinthu chija, ndipo chigamphu chija chimasungunuka pang'onopang'ono kubwezera mkuwa umene wachoka m'madzimo. Michael Faraday wa ku London anaonetsa m'zaka za m'ma 1830 kuti kuchuluka kwa chitsulo chimene chimamatirira kumayenderana ndi kuchuluka kwa magetsi amene adutsa. N'chifukwa chake mmisiri amatha kuwerengeratu kuti khungu likhala lochindikala motani pongoyang'ana mphamvu ya magetsi ndi wotchi.

Mavuto awiri a pulasitiki

Njira imeneyi imayenda bwino pa supuni ya chitsulo, koma pa pulasitiki imakumana ndi mavuto awiri. Vuto loyamba ndi lakuti magetsi sadutsa mu pulasitiki. Paja n'chifukwa chake nthambo za magetsi amazikuta ndi pulasitiki kuti zisatigwire. Mutapachika chivundikiro cha pulasitiki m'thanki ija, chingakhalemo tsiku lonse osagwira ngakhale kadontho ka mkuwa. Vuto lachiwiri ndi lakuti pulasitiki ndi wosalala kwambiri, moti chitsulo chimasowa pogwira. Wokonza njinga amalidziwa bwino vutoli. Asanamate chigamba pa chubu amayamba wapala pamalopo kuti pakhale pokhakhala, apo ayi chigambacho chimamatuka njinga isanafike patali.

Mayankho a mavuto awiriwa anachokera kosiyana. Mu 1946 Abner Brenner ndi Grace Riddell, akatswiri a boma la America, anafalitsa njira yokutira nickel popanda magetsi, mankhwala okhaokha ndiwo akugwira ntchito. Mu 1954 kampani ya Borg-Warner inayamba kugulitsa mtundu wa pulasitiki wotchedwa ABS. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 akatswiri anaphatikiza nzeru ziwirizi, ndipo opanga galimoto, mawailesi ndi mipope ya madzi anazilandira ndi manja awiri.

Dzina lakuti ABS likuimira mankhwala atatu amene amasakanizidwa, omwe ndi acrylonitrile, butadiene ndi styrene. Wofunika pa nkhani yathuyi ndi wapakatiyo. Butadiene ndi mtundu wa labala, ndipo mu ABS amakhala ngati timipira ting'onoting'ono tomwazika paliponse, monga mmene miyala imakhalira mu konkire. Timipira timeneti sitioneka ndi maso, koma ndi timene timatsegula khomo kuti chitsulo chigwire.

Ulendo wa m'matanki

Tiyeni titsatire chogwirira chitseko cha galimoto kuyambira pachiyambi. Tisanapite patali tigwirizane za muyeso umene tiugwiritse ntchito, wotchedwa micron. Mukatenga milimita imodzi, kamzere kakang'ono kwambiri ka pa lula, n'kuigawa magawo 1,000, gawo limodzi ndiye micron. Tsitsi la munthu limakhala ma micron pafupifupi 70. Malamulo amene boma la Malawi linakhazikitsa mu 2015 oletsa mapepala a pulasitiki opyapyala ankanena za mapepala osakwana ma micron 60.

Poyamba ABS amamusungunula n'kumupopera mu chikombole chachitsulo chimene mkati mwake ndi mosalala ngati galasi. Apa pamafunika kusamala kwambiri, chifukwa chitsulo sichibisa chilema. Kachipsera kakang'ono kamene sikakanaoneka pa pulasitiki wakuda kamadzaonekera poyera chinthucho chikayamba kunyezimira. Zikazizira, zogwirirazo amazikoleka pa mafelemu a mawaya, makumimakumi nthawi imodzi, ndipo makina amanyamula mafelemuwo kuchoka mu thanki ina kupita mu ina. Thanki yoyamba ndi ya sopo wochotsa fumbi, mafuta ndi zidindo za zala.

Kenaka pamabwera kupala kuja, koma wopala wake ndi asidi. Zogwirirazo amaziviika kwa mphindi pafupifupi 10 mu msanganizo wa chromic acid ndi sulphuric acid, asidi wa mtundu womwe uli m'batire la galimoto, wotenthetsedwa kufika madigiri 60 mpaka 70. Asidiyu amadya timipira ta labala timene tili pamwamba, n'kusiya timaenje mamiliyoni ambirimbiri. Timaenje tambiri timakhala ngati mphika, kukamwa kopapatiza, m'mimba motakata. Chitsulo chikadzalowamo chimakodwa, monga batani limakodwera m'bowo la malaya. Pakati pa thanki iliyonse ndi inzake pali matanki a madzi otsukuluzira, ndipo ukatha asidi pali mankhwala ena ozimitsa mphamvu ya asidi wotsalira, chifukwa atangotsalako pang'ono ntchito yotsatira siigwira.

Gawo lotsatira tingalitche kufesa mbewu. Zogwirirazo amaziviika m'madzi amene muli tizidutswa ta palladium tokutidwa ndi tin. Palladium ndi chitsulo chosowa ndi chokwera mtengo, cha m'gulu la platinum, choncho amathira pang'ono kwambiri. Tizidutswato timalowa m'timaenje tija n'kukhazikikamo. Thanki yotsatira imachotsa tin uja kuti palladium akhale poyera.

Tsopano njira ya Brenner ndi Riddell ija imagwira ntchito. Zogwirirazo zimalowa m'madzi amene muli mchere wa nickel pamodzi ndi mankhwala amene amatha kusandutsa mcherewo kukhala chitsulo. Mankhwalawa sayamba ntchito mwa iwo okha, amadikira palladium kuti awayambitse. Pamene pali kadontho ka palladium, nickel amayamba kumera, ndipo nickel amene wamerayo amayambitsanso wina, mpaka madontho onse alumikizana kukhala khungu limodzi lotuwa. Khungu limeneli silifika ngakhale micron imodzi, koma ndi lokwanira kudutsa magetsi. Kuyambira pamenepa pulasitiki uja amatha kulowa m'matanki a magetsi ngati supuni ya chitsulo.

Malaya atatu

Chovala choyamba cha m'matanki a magetsi ndi mkuwa, ma micron pakati pa 15 ndi 25. Mkuwa uli ndi ntchito ziwiri. Umakwirira timaenje tija kuti pamwamba pakhalenso posalala, komanso umakhala ngati nkhata pakati pa mutu ndi mtolo. Chinthu chilichonse chikatenthedwa chimafufuma pang'ono, chikazizira chimabwerera, koma ABS amafufuma kanayi kapena kasanu kuposa mkuwa ndi nickel. Galimoto ikakhala padzuwa la mwezi wa October masana, n'kuzizidwa usiku, pulasitiki ndi chitsulo zimakokanakokana. Mkuwa ndi wofewa, choncho umatha kutanuka n'kulandira kukokanako kuti khungu lisang'ambike.

Chovala chachiwiri ndi nickel, amene amateteza ku dzimbiri ndi kupereka kuwala. Pa zinthu zokhala panja amaika nickel wa mitundu iwiri kapena itatu, wina pamwamba pa mnzake. Amawakonza mwadala kuti dzimbiri likayamba lizidya wapamwambayo cham'mbali, lisaboole msanga kufika pa mkuwa.

Chovala chomaliza ndi chrome, ndipo apa ndi pamene ambiri amadabwa. Chrome amene anapatsa dzina zinthu zonsezi amakhala wosafika theka la micron imodzi. Ntchito yake ndi kupereka mtundu wowala mobiriwira uja, kuteteza nickel kuti asathimbirire ndi kulimbitsa pamwamba kuti pasakandike msanga. Mukaphatikiza malaya atatuwa, kawirikawiri amakhala pakati pa ma micron 20 ndi 50. Ulendo wonse umatenga maola angapo, ndipo pamapeto pake opanga amatengako zina n'kuziyesa poziika m'ng'anjo ndi m'firiji mosinthanasinthana, komanso pozithira nkhungu ya madzi a mchere, kuti aone ngati zichita matuza kapena dzimbiri.

Njira ya nthunzi

Si chonyezimira chilichonse chimene chinadutsa m'matanki. Pali njira ina yofulumira ndi yotsika mtengo, ndipo zinthu zambiri za m'misika yathu zinapangidwa ndi imeneyi. Mayi aliyense amadziwa kuti madzi akawira, nthunzi imakwera n'kukasanduka madontho pansi pa chivundikiro cha poto. Chitsulo nachonso chimachita chimodzimodzi chikatenthedwa mokwanira.

Opanga amayamba apaka zinthuzo vanishi kuti zisalale. Kenaka amazikoleka m'chipinda chachitsulo chotsekedwa ndithu, n'kupopa mpweya pafupifupi wonse kutuluka kunja. Pakati pa chipindacho pali mawaya a tungsten, chitsulo chimene chinkayaka m'mababu akale, ndipo pa mawayawo amakolekapo tizidutswa ta aluminiyamu. Magetsi akatenthetsa mawayawo, aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo kutentha kukapitirira amasanduka nthunzi. Popeza mulibe mpweya woitchinga, nthunziyo imauluka molunjika n'kukatera pa zinthu zija, zimene zimakhala zikuzungulira kuti mbali zonse zilandire. M'kanthawi kochepa zonse zimakhala zikuwala ngati galasi loyang'anira.

Khungu la njira imeneyi ndi lopyapyala modabwitsa, silifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a micron. Chala chokha chingathe kulifufuta, choncho amapakanso vanishi wina pamwamba. Vanishi akakhala woyera ngati madzi, chinthucho chimaoneka ngati siliva. Akathiramo utoto wachikasu, chimaoneka ngati golide. Zikho zambiri za mipikisano, mikombero ya mawotchi ndi zithunzi, zivundikiro za mafuta onunkhira ndi zoseweretsa ana zimene zimaoneka zagolide ndi aluminiyamu pansi pa vanishi wachikasu, mulibe golide ngakhale kambewu kamodzi.

Njirayi ili ndi ntchito zaphindu zambiri. Kambale ka m'tochi ndi ka m'nyali za galimoto kamaponya kuwala patali chifukwa cha aluminiyamu ameneyu. Mkati mwa mapaketi a tchipisi ndi mabisiketi mumawala chifukwa cha iye yemweyo, ndipo ntchito yake ndi kutchinga dzuwa, chinyezi ndi mpweya kuti chakudya chisalowe mphepo kapena kuyamba fungo. Mukayang'anitsa paketi yotere kudzuwa, nthawi zambiri kuwala kumadutsa ndithu. Ma CD, amene makampani a Philips ndi Sony anawatulutsa mu 1982, ndi pulasitiki wokutidwa ndi aluminiyamu mwa njira yofanana ndi imeneyi. Palinso njira zina zing'onozing'ono, monga kupopera mankhwala a siliva ngati mmene amapangira magalasi oyang'anira, kapena kudinda kapepala konyezimira ndi chidindo chotentha, monga timaonera pa zilembo zagolide za pa mabotolo.

Mtengo umene suoneka pamsika

Ngakhale zinthu zambiri zotere zimabwera kuchokera kunja, zina mwa zitsulo zake zimakumbidwa kwa anansi athu, m'maiko amene makolo athu ambiri anakagwirako ntchito za m'migodi. Mkuwa umakumbidwa ku Copperbelt m'dziko la Zambia, ndipo ku Mufulira amauyenga ndi magetsi m'matanki ofanana ndi amene tafotokozawa. Dziko la South Africa ndilo limakumba miyala ya chrome yochuluka kuposa dziko lina lililonse, ndipo ina imakumbidwa ku Shurugwi m'dziko la Zimbabwe. Palladium wambiri amachokera ku Russia ndi ku South Africa.

Koma pali mtengo wina umene amalipira ndi anthu ogwira ntchito m'mafakitale. Chrome wa pa chogwirira chitseko ndi chitsulo chokhazikika, sapweteka wochigwira. Woopsa ndi chromic acid wa m'matanki, amene akatswiri amamuika m'gulu la chromium VI. Nkhungu yake imaboola kachipupa ka pakati pa mphuno, imayambitsa zilonda pakhungu, ndipo ndi yodziwika kuti imayambitsa khansa ya m'mapapo. Madzi otsukuluzira akatayidwa mu mtsinje osakonzedwa amapha nsomba ndi kuwononga zitsime. Matanki ambiri a golide ndi siliva amakhala ndi cyanide, chiphe chimene chimapha m'mphindi zochepa.

Chifukwa cha zimenezi, kuyambira mu September 2017 fakitale ya m'maiko a European Union imayenera kukhala ndi chilolezo chapadera kuti igwiritse ntchito mankhwala a chromic acid. Mafakitale ambiri asamukira ku chromium III, amene ndi woopsa pang'ono, ndipo ena amapala pulasitiki ndi mankhwala a manganese m'malo mwa asidi uja. Makolo, ngati mnyamata wanu waona pa intaneti anthu akukuta zinthu ndi chitsulo m'mabeseni ndipo akufuna kuyesa kuseri kwa nyumba, mulangizeni. Ntchitoyi imafuna zovala zodzitetezera, makina okoka utsi ndi njira yokonzera madzi oipa. Ife okhala m'mbali mwa nyanja tikudziwa kuti chimene chatayidwa pamtunda mvula imachitsitsira kumene timatunga ndi kusodza.

Kagulidwe kanzeru

Tisaganize kuti pulasitiki wovala chitsulo ndi chinyengo mwa iye yekha. Opanga amamusankha pa zifukwa zomveka. Ndi wopepuka, choncho galimoto imamwa mafuta ochepa. Amaumbika mosavuta mu chikombole, sachita dzimbiri mkati, satentha m'manja ngati chitsulo, ndipo mtengo wake ndi woti ambiri angaufike. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Apa mkati simuli nyerere, muli pulasitiki wabwinobwino. Nyerere zimalowa pamene wogulitsa wabisa chimene chili mkatimo n'kutchula mtengo wa chitsulo kapena wa golide. Inu a malonda, nenani poyera kuti ichi ndi chokutira chabe, wogula asankhe akudziwa.

Nanga wogula angazindikire bwanji? Choyamba, nyamulani. Chitsulo wamba chimalemera kasanu ndi kawiri kuposa ABS wa msinkhu womwewo, ndipo golide amalemera pafupifupi ka 18. Chachiwiri, chigundeni patsaya. Chitsulo chimamveka chozizira ndipo chimachedwa kufunda, pamene pulasitiki amafunda nthawi yomweyo. Chachitatu, chigogodeni ndi chikhadabo. Chitsulo chimalira mokweza, pulasitiki amalira mogonthera. Chachinayi, yang'anani kuseri ndi m'mphepete. Mupeza kamsoko kamene chikombole chinasiya, ndipo pa zipangizo za galimoto mupeza zilembo monga ABS kapena PC+ABS. Maginito asakupusitseni, chifukwa sagwira golide, siliva, mkuwa kapena aluminiyamu, ndiye kusagwira kwake sikutsimikiza kanthu.

Pa zodzikongoletsera za ukwati ndi za mahari pamafunika kusamala koposa, chifukwa pamenepa pali ufulu wa mwana wamkazi ndi ulemu wa mabanja awiri. Golide weniweni kawirikawiri amakhala ndi chidindo monga 916 kutanthauza makarati 22, 750 kutanthauza makarati 18, kapena 585 kutanthauza makarati 14, pamene siliva amakhala ndi 925. Zilembo GP zimatanthauza kuti golide ali pamwamba pokha. Koma chidindo chikhoza kukhala chabodza, choncho pa chinthu cha ndalama zambiri pitani nacho kwa wosula golide wodalirika akachiyese musanalipire. Safunsa anadya phula. Ngakhale powerengera zakaat, mkanda wa pulasitiki wa vanishi wachikasu sulowa m'gulu la golide.

Amayi ena amatuluka zidzolo ndi kuyabwa pamene pakhudza ndolo, chibangili kapena lamba wa wotchi. Nthawi zambiri wochititsa ndi nickel, amene amatulukira chovala chapamwamba chikaperepeseka. Vutoli ndi lofala moti mu 1994 maiko a European Union anaika malire a nickel amene angatuluke mu zinthu zokhudza khungu nthawi yaitali. Mukaona zizindikiro zimenezi, vulani chinthucho, ndipo zikapitirira pitani kuchipatala.

Kasamalidwe ndi katayidwe

Popeza tadziwa kupyapyala kwa khunguli, kasamalidwe kake n'kosavuta kumvetsa. Mchenga wa kunyanja, phulusa ndi waya wokwechera zimawalitsa mapoto chifukwa poto ndi chitsulo mpaka mkati, mukapala pamwamba pamatuluka chitsulo china. Pa pulasitiki wovala chitsulo mukapala pamwamba mwachotsa zonse. Tsukani ndi madzi ofunda, sopo pang'ono ndi kansalu kofewa, kenaka pukutani. Mankhwala oyeretsera zovala monga Jik ndi asidi wotsukira zimbudzi zimadya chrome ndi nickel. Petulo, thinner ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo zimasungunula vanishi ndi kung'alula ABS. Kambale ka m'tochi kapena ka m'nyali ya galimoto musakapukute n'komwe, ingokapemererani fumbi.

Kutentha ndi mdani wina. ABS amayamba kufewa akayandikira madigiri 100, pamene madzi amawira, choncho thireyi yonyezimira musaikepo poto wochoka pamoto, ndipo musaiike pafupi ndi mbaula. Khungu la m'matanki likayamba kumatuka, m'mphepete mwake mumakhala mwakuthwa ngati lezala, ndipo limacheka zala. Chogwirira chotere chikulungeni ndi tepi kufikira mutapeza china. Choseweretsa chimene chayamba kusupuka chichotseni kwa mwana amene amaika chilichonse m'kamwa, ndipo mbale yosupuka isalandirenso chakudya.

Pomaliza pali katayidwe. M'makomo ambiri muli chizolowezi chokolezera makala ndi zidutswa za pulasitiki. Chizolowezichi n'choipa pa pulasitiki aliyense, koma pa ABS n'choopsa kwambiri, chifukwa akamapsa amatulutsa utsi wakuda umene mumakhala carbon monoxide ndi hydrogen cyanide. Wopuma utsiwo ndi mayi amene waweramira mbaula ndi mwana amene ali kumbuyo kwake. Mapaketi onyezimira nawonso saola, ndipo ndi ovuta kuwasungunula kuti apangirenso zinthu zina chifukwa ndi mapepala a mitundu ingapo omatidwa pamodzi. Asonkhanitseni pamalo amodzi, kutali ndi gombe ndi ziweto, ndipo kumene kuli otola zinyalala apatseni.

Tsiku lina mukadzaima pa benchi ya wogulitsa, chinthu chonyezimira chili m'manja, musachite manyazi kuchitembenuza, kuchigogoda ndi kufunsa chimene chili mkati. Ngati ndi pulasitiki ndipo mtengo wake ndi wa pulasitiki, gulani ndi mtima umodzi, mukachisamale monga tafotokozera, ndipo chidzakutumikirani zaka zingapo. Ngati wogulitsa akutchula mtengo wa golide koma akukana kuti mukachiyese, bwezerani ndalama yanu m'thumba.